Mafunso ndi mayankho: mapuloteni olamulira ma gene, ndi momwe khansa imayambira akasokonekera

Kuno ku Mangochi khansa si mlendo. Ambiri tikudziwa mayi wina amene anavutika ndi khansa ya khomo la chiberekero, kapena bambo amene nsima inayamba kumukanika kumeza, kenako phala, kenako ngakhale madzi. Koma mukafunsa kuti matendawa amayamba bwanji m'kati mwa thupi, oyankha amachepa, ndipo posowa yankho pamamera mphekesera ndi kulozana zala. Mafunso otsatirawa akukhudza gulu limodzi la mapuloteni, lotchedwa ma transcription factor. Dzinali ndi lachilendo m'makutu, koma nkhani yake ikufika pa malungo, likodzo, chuku cha mtedza ndi katemera wa ana athu.

Kodi ma transcription factor ndi chiyani?

Tiyambe ndi selo. Thupi la munthu linamangidwa ndi maselo ochuluka zedi, ndipo pakatikati pa selo pali DNA, ulusi wautali umene unasunga malangizo onse a kapangidwe ka thupi. Ulusi wa m'selo limodzi lokha, mutautambasula, ungatalike pafupifupi mamita 2, koma unapindidwa m'timitolo 46 totchedwa ma chromosome: 23 tochokera kwa mayi, 23 tochokera kwa bambo. Pa ulusiwo pali zigawo zotchedwa ma gene, ndipo pafupifupi 20,000 mwa zigawozi ndi malangizo opangira mapuloteni.

Gene payokha sichita kanthu. Kuti igwire ntchito, malangizo ake ayenera kukoperedwa pa kaulusi kena kotchedwa RNA, ndipo kaulusiko ndi kamene kamatuluka kukapangitsa puloteni. Wokopera ndi puloteni wamkulu wotchedwa RNA polymerase. Koma iyeyu sadziwa yekha kuti ayambire pati ndiponso liti. Amene amamuuza ndi ma transcription factor: mapuloteni amene amazindikira timalo tapadera pa DNA, n'kukakamira pomwepo, kenako kumuitana wokoperayo kapena kumutsekera njira. Munthu ali nawo a mitundu pafupifupi 1,600.

Amene munapitako kokagwira usipa ndi chilimira usiku mukumudziwa siginala. Iye sakoka khoka. Amakhala m'bwato ndi nyali zake, maso pamadzi, ndipo akaona kuti nsomba zasonkhana mokwanira ndi pamene amauza anzake kuti aponye. Khoka likhale labwino motani, anyamata akhale amphamvu motani, siginala akalakwitsa nthawi usiku wonse wapita pachabe. Umu ndi momwe transcription factor alili kwa gene.

Oyamba kuonetsa bwino momwe ma gene amayatsidwira ndi kuzimitsidwira anali François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris, mu 1961, pofufuza mabakiteriya. Analandira mphoto ya Nobel mu 1965.

Ngati maselo onse ali ndi DNA yofanana, n'chifukwa chiyani diso silifanana ndi chiwindi?

Chifukwa ma gene amene ayaka m'diso si amene ayaka m'chiwindi. Selo lililonse lili ndi gulu lakelake la ma transcription factor, ndipo gululo ndi limene limasankha zoyatsa ndi zozimitsa.

Mphamvu yawo inaonekera poyera mu 2006, pamene Shinya Yamanaka wa ku Kyoto, ku Japan, anatenga maselo okhwima a mbewa n'kuikamo ma transcription factor anayi okha: Oct4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc. Maselowo anabwerera ku ukhanda, n'kukhala ngati a mluza, otha kusanduka selo la mtundu uliwonse. Dzina lomalizalo, Myc, mulisunge. Tikumana nalo pa nkhani ya ana otupa chibwano.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi khansa?

Khansa ndi maselo a munthu mwini amene asiya kumvera malamulo atatu: kugawikana pokhapokha pakufunika, kufa akawonongeka, ndi kukhala pamalo pawo. Malamulo onsewa amayendetsedwa ndi ma gene, ndipo ma gene amayendetsedwa ndi ma transcription factor. Ena mwa iwo ntchito yawo ndi kuuza selo kuti likule ligawikane, monga MYC ndi E2F. Ena ndi oletsa, ndipo wamkulu wawo ndi p53.

Kusokonekera kumabwera m'njira zingapo. Gene yopanga transcription factor ikhoza kuwonongeka, puloteni wake n'kutuluka wopunduka. Ikhoza kuduka pamalo pake n'kukalumikizika pena pomwe imangoyaka osazima. Kachilombo kakhoza kulowa m'selo n'kugwira oletsa aja. Kapena puloteniyo ali bwinobwino, koma uthenga womudzutsa ukungobwera usana ndi usiku, monga zimakhalira pamalo potupa zaka zambiri.

Kulakwika kumodzi sikukwanira. Selo limafunika kuunjika zolakwika zingapo, chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo n'chifukwa chake khansa zambiri zimatenga zaka kuti zionekere, komanso zimachuluka munthu akamakula.

Ndimamva dzina loti p53 kawirikawiri. Ali ndi chiyani chapadera?

Ngati pali dzina limodzi loyenera kulidziwa pa nkhani yonseyi, ndi limeneli. Anamutulukira mu 1979 magulu angapo a ofufuza, kuphatikizapo a David Lane ku Britain ndi a Arnold Levine ku America. Kwa zaka pafupifupi khumi ankamuyesa woyambitsa khansa, poti ankamupeza wochuluka m'zotupa. Pofika 1989 zinadziwika kuti wa m'zotupayo anali wopunduka, ndipo wabwinobwino ntchito yake ndi kuletsa khansa. Lane anadzamutcha mlonda wa DNA yonse mu 1992.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kochititsa chidwi. Selo limapanga p53 nthawi zonse, koma puloteni wina wotchedwa MDM2 amangomuphwanya asanachuluke. DNA ikavulala, kaya ndi dzuwa, utsi wa fodya kapena poizoni, uthenga umafika woti MDM2 amusiye. Pamenepo p53 amachuluka, anayi anayi n'kugwirana, n'kukhala pa DNA. Choyamba amayatsa gene ya p21, imene imaimitsa selo kuti lisagawikane. Amayatsanso ma gene okonza povulalapo. Kukonza kukakanika, amayatsa ena monga PUMA ndi BAX, ndipo amenewa amalamula selo kuti lidziphe mwadongosolo lisanabereke ana opunduka. Khungu likasupuka mutapsa ndi dzuwa, mbali ina ndi ntchito yomweyi: maselo ovulala achotsedwa.

Gene yopanga p53 imatchedwa TP53 ndipo ili pa chromosome 17. Imapezeka yowonongeka pa khansa pafupifupi theka la zonse za anthu. Pa khansa ya kummero ya mtundu umene wafala m'Malawi muno, imapezeka yowonongeka pa odwala ochuluka kwambiri.

Njovu za ku Liwonde zili ndi mbali pa nkhaniyi. Njovu ili ndi maselo ochuluka kuposa munthu ndipo imakhala zaka zambiri, choncho tikanayembekezera kuti izidwala khansa kwambiri, koma sizili choncho. Mu 2015 ofufuza anaonetsa kuti njovu ya mu Africa ili ndi makope pafupifupi 20 a gene imeneyi, pomwe munthu ali ndi imodzi yokha, mbali ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Maselo a njovu akavulala sachedwa kudzipha.

Amati khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo. Nanga ma gene akubwera pati?

Zonse ziwiri n'zoona, ndipo zimakumana pa p53 yemweyu. Kachilomboko ndi HPV, kamene kamafala pogonana ndipo anthu ambiri amakatenga nthawi ina pa moyo wawo osadziwa. Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza mitundu yake iwiri yoopsa, HPV 16 ndi HPV 18, m'zotupa mu 1983 ndi 1984. Iwiri yokhayi imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa zonse za khomo la chiberekero.

Kachilomboka kamafuna selo lizigawikana kuti nako kachulukane, ndiye kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E6 amagwira p53 n'kumupereka kuti aphwanyidwe. E7 amalimbana ndi puloteni wina woletsa, wotchedwa RB. M'selo labwinobwino RB amakhala atafumbata transcription factor E2F, ndipo amamumasula pokhapokha nthawi yogawikana ikakwana. E7 akamugwira RB, E2F amamasuka n'kuyatsa ma gene onse okopera DNA, nthawi ndi yake kapena ayi. Selo likugawikana mosalekeza, ndipo woliimitsa palibe. Zolakwika zimangounjikana.

Mwa amayi ambiri chitetezo cha thupi chimachotsa kachilomboka pasanathe zaka ziwiri. Kakakhalitsa, zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ibuke, koma mwa mayi amene chitetezo chake chatsika zitha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansayi yavuta koposa padziko lonse.

Zaka zimenezo ndiwo mpata wathu. Kuchipatala namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi, akuunika ndi tochi. Malo amene maselo ayamba kusintha amayera, chifukwa maselo ogawikana mosalekeza aja amakhala odzaza ndi DNA ndi mapuloteni amene viniga amawaundanitsa. Malo oyerawo akakhala aang'ono, amawatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo. Katemera wa HPV anayesedwa koyamba m'maboma a Zomba ndi Rumphi kuyambira 2013, ndipo anafika dziko lonse mu 2019, kuyambira atsikana a zaka 9. Amaperekedwa msanga chotere chifukwa amateteza kachilombo kasanalowe. Kakalowa kale sakachotsa. Mphekesera zoti amatseka mimba n'zabodza, ndipo zimandiwawa ndikamva kholo likubisa mwana tsiku la katemera, chifukwa amene adzalipire mantha amenewo ndi mwanayo, ali mayi wa ana ake.

Mwana wa mnansi wathu anatupa chibwano m'masabata ochepa, ndipo anati ndi khansa. Ingakule msanga chotero?

Ingakule. Mwina inali Burkitt lymphoma, khansa ya maselo oyera a m'magazi otchedwa B, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi. Maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Nthawi zambiri imayamba ngati dzino: mwana akudandaula nsagwada, mano akugwedera, tsaya likufufuma, diso likukankhidwira kunja. Mwa ena imatupitsa mimba. Makolo amayamba athamangira kochotsa dzino kapena kotemera mphini, ndipo milungu iwiri yotayika pamenepo ndi yambiri.

Dzinali linachokera kwa Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene anaifotokoza mu 1958 ali ku Kampala. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto m'zipatala za kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za m'Nyasaland, akufunsa kumene matendawa amapezeka. Anapeza kuti ali m'madera otentha, achinyontho ndi otsika, ndipo m'mapiri ozizira ndi osowa. Mapu ake anafanana ndi mapu a malungo. Mu 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo m'maselo a chotupachi, kamene lero kamatchedwa EBV.

Chomwe chimachitika m'selo chinadziwika mu 1982. Gene ya MYC ili pa chromosome 8. MYC ndi transcription factor amene amayatsa ma gene ambirimbiri a kukula: opanga mapuloteni, okoka shuga, okopera DNA. M'selo labwino amayaka kanthawi kochepa n'kuzima. Koma maselo a B ali ndi khalidwe lapadera: amadula ndi kusintha dala DNA yawo kuti apange mapuloteni amene ndi asilikali olimbana ndi matenda osiyanasiyana. Nthawi zina podulapo pamalakwika, chidutswa cha chromosome 8 n'kukalumikizika ku chromosome 14, pafupi ndi gene ya asilikali aja. Malo amenewo m'selo la B sazima konse. MYC akagwera pamenepo nayenso sazima.

Malungo obwerezabwereza amachititsa maselo a B kugawikana kwambiri ndi kudula DNA kawirikawiri, choncho mpata wolakwitsa umakula. Selo lolakwikalo likanayenera kudzipha, koma EBV amalithandiza kupulumuka. Pafupifupi tonse tili nako kachilombo ka EBV kuyambira tili ana, ndipo ana ambiri odwala malungo sadwala khansayi, motero palibe chifukwa chochitira mantha mwana aliyense akatentha thupi. Koma kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, neti yogonamo ndi kuchiza malungo msanga zili ndi phindu lina limene sitimaliwerengera.

Chotonthoza n'choti khansa yofulumira chotere imamvanso mankhwala mofulumira. Chotupa chimatha kuyamba kuphwa m'masiku ochepa mwana akalandira mankhwala monga cyclophosphamide, ndipo ana ambiri achira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngozi imakhalapo makolo akaona kuti tsaya laphwa n'kuleka kubwerera. Maselo otsala amadzukanso, ndipo ulendo wachiwiri savomera mankhwala ngati poyamba.

Kodi n'zoona kuti likodzo lingasanduke khansa?

Lingayambitse khansa ya chikhodzodzo likakhala zaka zambiri osachizidwa. Nyongolotsi yake, Schistosoma haematobium, ili pa mndandanda wa zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Imachoka mu nkhono za m'madzi, kulowa pakhungu, n'kukakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Mazira ake ena amatuluka ndi mkodzo, ndiwo magazi amene timaona kwa anyamata osambira ku Chembe, ku Makanjira kapena ku Malombe. Ena amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo thupi limalimbana nawo osaleka.

Pa kulimbanako pali ma transcription factor awiri otchuka, NF-κB ndi STAT3. Woyambayo anamupeza Ranjan Sen ndi David Baltimore mu 1986. Nthawi zonse amakhala womangidwa kunja kwa phata la selo, momwe mumakhala DNA, ndipo amamasulidwa pakabwera mdani. Akalowa m'phata amayatsa ma gene oitana asilikali a thupi, komanso ena ouza maselo kuti asafe, agawikane atseke bala. Kwa sabata imodzi zimenezi n'zothandiza. Kwa zaka makumi awiri, ndiye kuti maselo akuletsedwa kufa pomwe DNA yawo ikuvulazidwa tsiku ndi tsiku ndi mankhwala aukali amene asilikali omwewo amatulutsa.

Kukodza magazi si chizindikiro choti mnyamata wakula. Ndi matenda, ndipo mankhwala ake, praziquantel, ndi aja amagawidwa m'sukulu. Munthu wamkulu amene akukodzabe magazi atamwa mankhwalawa asangobwereza kumwa. Apemphe kuti amuunike chikhodzodzo.

Nanga chuku cha mtedza ndi chimanga?

Apa umboni wake ndi woonekeratu kuposa pena paliponse. Nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus imamera pa mbewu zosauma bwino n'kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu akafika m'chiwindi amasandulika n'kukakamira pa DNA, ndipo ali ndi malo amodzi pa gene ya TP53 amene amawakonda, pa nambala 249. Chilembo chimodzi chokha cha malangizo a pa DNA chimasintha, koma p53 wotuluka pamenepo sathanso kukhala bwino pa DNA. Mu 1991 ofufuza anapeza chilema chimenechi mobwerezabwereza m'khansa za chiwindi za odwala a kumwera kwa Africa kuno ndi a ku Qidong, ku China, madera awiri otalikirana amene anafanana pa chakudya chachuku. Munthu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B, chiopsezo chimakwera kwambiri. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana akhanda m'Malawi kuyambira 2002.

Chomvetsa chisoni ndi momwe timasankhira mtedza. Wabwino, wodzadza, umapita ku msika. Wofwamphira, wakuda ndi wowawa uja umatsala pa lichero, ndipo ndi umene timasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi phala la mwana. Kuphika kapena kukazinga sikuthetsa aflatoxin. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usendeke mosavuta kumaitananso nkhungu yomweyo. Mbewu ziume gwa zisanalowe m'thumba, thumba lisagone pa dothi, ndipo zoolazo zitayidwe.

Zilonda zakuda za pakhungu zimene ankadwala anthu a HIV, nazonso ndi khansa?

Inde, ndi Kaposi sarcoma. Imayamba ndi kachilombo kena, osati HIV, kotchedwa KSHV kapena HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza mu 1994. Kachilomboka kali ndi puloteni wotchedwa LANA amene amafooketsa p53 ndi RB, ndi wina wotchedwa vFLIP amene amasiya NF-κB ali chiyakire. Anthu ambiri kuno ali nako popanda vuto, poti chitetezo cha thupi chimakapanikiza. HIV ikagwetsa chitetezocho m'pamene kamadzuka. N'chifukwa chake kumwa ma ARV mokhulupirika kumachepetsa matendawa, ndipo mwa ena zilonda zochepa zimazilala ndi ma ARV okha. Zikachuluka, miyendo ikatupa kapena zikafika m'kamwa ndi m'mapapo, pamafunikanso mankhwala a khansa.

Kodi khansa ndi yakumtundu? Mayi anga anamwalira nayo.

Pepani kwambiri. Khansa zambiri si zakumtundu. Kuwonongeka kwa ma gene kumachitika m'maselo a chiwalo chimodzi munthu ali kale moyo, ndipo sikupita kwa ana. Zotengera kwa makolo ndi pafupifupi 5 mpaka 10 pa 100.

Zilipo ndithu. Mabanja ena amapatsirana TP53 yopunduka, matenda otchedwa Li-Fraumeni, ndipo khansa zimawagwira ali aang'ono, koma ndi osowa. Ina ndi khansa ya m'diso ya ana, retinoblastoma, imene imabwera RB akasowa. Alfred Knudson anafotokoza mu 1971 kuti pamafunika mbali zonse ziwiri za gene ziwonongeke. Mwana wobadwa ndi mbali imodzi yowonongeka kale amangotsala ndi imodzi, ndiye amadwala msanga, kawirikawiri maso onse awiri. Mukaona kamwana ka diso la mwana kakuwala moyera, makamaka madzulo kapena pa chithunzi cha foni, musadikire.

Pabanja pakadwala anthu awiri kapena atatu, maganizo amathamangira kwa wachibale kapena mnansi. Koma anthu a nyumba imodzi amadya za m'nkhokwe imodzi, amasamba pa doko limodzi, amalumidwa ndi udzudzu womwewo ndipo amapuma utsi wa khitchini imodzi. Agogo ambiri osalakwa anyozedwa chifukwa cha matenda amene chiyambi chake chimaoneka bwinobwino pa makina oyezera.

Anthu amati khansa ikaona mpeni imafalikira. Zoona?

Ayi. Kufalikira kumayamba m'kati mwa maselo, mpeni usanafike. Maselo a pakhungu ndi a m'kati mwa ziwalo amagwirana ndi puloteni womata wotchedwa E-cadherin. Ma transcription factor ena, Snail, Twist ndi ZEB1, amazimitsa gene yake. Ntchito yawo yeniyeni ndi ya m'mimba, pamene maselo a mluza amayenera kusamuka kukapanga ziwalo, komanso potseka bala. Khansa ikawadzutsa, maselo amamasuka n'kulowa m'mitsempha.

Chotupa chimafunanso magazi. Chikakula kupitirira mamilimita ochepa, maselo a pakati amasowa okosijeni, ndipo transcription factor wotchedwa HIF amachuluka n'kuyatsa gene ya VEGF, imene imaitana mitsempha yatsopano kuti imere kulowa m'chotupamo. Gregg Semenza, Peter Ratcliffe ndi William Kaelin analandira Nobel mu 2019 chifukwa chofotokoza zimenezi.

Chikhulupiriro cha mpenichi chinabwera chifukwa ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale. Amachitidwa opaleshoni, amamwalira patapita miyezi, ndipo mlandu umagwera dokotala. Chotupa cha m'bere chochotsedwa chikadali chaching'ono ndi chimene chimapereka mwayi waukulu wochira.

Ngati vuto lili pa ma transcription factor, bwanji osapanga mankhwala owakonza?

Ena alipo kale, ndipo mwina mukumudziwa wina amene akumwa. Ma transcription factor ena amadzuka pokhapokha homoni, mankhwala achilengedwe onyamula uthenga m'thupi, itawakhudza. M'bere muli wotchedwa ER, amene amadikira homoni ya estrogen, ndipo khansa zambiri za m'mawere zimadalira iyeyu kuti zikule. Piritsi la tamoxifen, limene lakhala likugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1970, limakhala pamalo pa estrogen, ER n'kulephera kuyatsa ma gene a kukula. Limamwedwa tsiku lililonse kwa zaka 5 kapena kuposerapo, ndipo limathandiza pokhapokha chotupacho chili ndi ER. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe dokotala amadulira kanyama n'kukatumiza ku labotale. Khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, nayo imadalira wina wotchedwa AR, amene amadikira homoni ya testosterone. Charles Huggins anaonetsa mu 1941 kuti kuchepetsa homoniyi kumaibweza m'mbuyo, ndipo mpaka lero jakisoni kapena opaleshoni ya abambo odwala khansayi imatsata nzeru yomweyo.

Chipambano chachikulu chinachitika pa khansa ina ya m'magazi yotchedwa APL. Mmenemo chromosome 15 ndi 17 zimasinthana zidutswa n'kupanga transcription factor wosakanizika, PML-RARA, amene amatsekereza maselo oyera kuti asakhwime. M'ma 1980 madokotala a ku Shanghai, motsogozedwa ndi Wang Zhenyi, anapereka mankhwala ochokera ku vitamini A otchedwa ATRA, ndipo maselo a khansa aja anakhwima n'kufa okha. Atawaphatikiza ndi arsenic trioxide, odwala oposa 90 pa 100 amachira kumene chithandizochi chilipo. Mu 2021 dziko la America linavomereza belzutifan, woletsa HIF-2 (mtundu wina wa HIF uja), pa zotupa zina za impso.

Koma akuluakulu awiri aja akadali ovuta. MYC alibe kabowo koti mankhwala angakanirirepo, ndipo kudzutsa p53 wopunduka n'kovuta kuposa kuletsa puloteni wolusa. Kafukufuku akupitirira.

Pali zakudya kapena zitsamba zimene zingalimbitse p53?

Palibe chakudya, tiyi kapena ufa wa m'botolo umene watsimikizika kuti umakonza gene yowonongeka mwa munthu. Ogulitsa ena aphunzira mawu a sayansi ndipo amawatchula kuti katundu ayende. Zimene zimapha maselo m'mbale ya mu labotale si zonse zimachiza munthu. Masamba, zipatso, nyemba ndi nsomba n'zabwino ku thupi, ndipo wodwala amafunika kudya bwino kuti apirire mankhwala, koma zisalowe m'malo mwa chithandizo. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuchepetsa zovulaza DNA: fodya wosuta ndi wofwenkha, kachasu ndi mowa wambiri, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo, ndi tiyi kapena phala lomwedwa lili lowotcha pakhosi.

Abale athu achialubino amadwala khansa ya pakhungu kwambiri. N'chifukwa chiyani?

Khungu lawo lili ndi melanin wochepa, amene amatchinga cheza cha dzuwa. Chezacho chimalowa mpaka pa DNA n'kumata zilembo zoyandikana, ndipo TP53 ndi imodzi mwa ma gene amene amavulala msanga. Ndi dzuwa la kuno kunyanja, kachilonda kokakala pa khutu, pa mlomo kapena pakhosi kamatha kuoneka munthu akadali wachinyamata. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi kupewa ntchito za padzuwa masana zimachedwetsa zimenezi, ndipo kachilonda kosapola kakachotsedwa msanga munthu amachira.

Ndikaona chizindikiro chokayikitsa ndiyambire kuti?

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ndi ku Namwera, ku Monkey Bay kapena ku Malindi, ndipo nenani nthawi imene vutolo linayamba. Zoyenera kufulumira nazo ndi izi: magazi otuluka mutagonana kapena mutasiya kale kusamba, chikazi chonunkha chosamva mankhwala, chotupa m'bere kapena m'khwapa, chakudya kukanirira pakhosi, magazi mu mkodzo, bala losapola, kuwonda kosadziwika chifukwa, ndi kutupa kwa tsaya kapena mimba ya mwana. Akakupatsani mankhwala koma osasintha, bwererani mukanene, ndipo pemphani kalata yopita ku chipatala cha boma pa Mangochi. Kumeneko akaona kuti pakufunika kuyeza kanyama kapena chithandizo chapadera amatumiza ku Zomba Central, ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Buku lanu la kuchipatala muzinyamula ulendo uliwonse, ndipo akakudulani kanyama funsani tsiku lodzamva zotsatira musanatuluke pakhomo. Amayi a zaka 25 mpaka 49 akayezetse khomo la chiberekero ngakhale sakumva kupweteka paliponse, ndipo amene ali pa ma ARV afunse za kuyezaku pomwe amalandirira mankhwala.